Ndodo Zisanu za Bwana Mbewe

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi atsibweni anga, a Namakhwa a ku Chiringa, nthawi imene Phalombe anali atangokhala boma palokha ndipo m'maofesi munkafika anthu achilendo mwezi ndi mwezi. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, mkamwini ku Nkhulambe, wopanda choloza china kupatula khasu. Mkazi wanga anali woyembekezera, ndipo apongozi anga aakazi anali atayamba kulankhula ndi nkhuku ine ndikamadutsa, kuziuza kuti pakhomo pachuluka odya. Choncho ntchito imeneyo sinali yoyeserera ayi. Ndinkadziwa kuti ikandithera ndibwerera pakhomo pomwepo manja ali m'thumba.

Atsibweniwo ananyamula zikwama za gofu zaka zambiri pa kalabu ya eni minda ya tiyi kuseri kwa phiri, mpaka mawondo anawakana. Ntchitoyi timati ukade. Kade amanyamula chikwama cha ndodo, amayang'anitsitsa pamene mpira wagwera, ndipo amapatsa wosewera ndodo yoyenera pamalo pamene waima. Tsono pa boma panafika bwana wina wa ku Mchinji, a Mbewe, mkulu wa ofesi ina. Akuluakulu awo a ku Blantyre anali atawaitanira ku masewera a oyamba kumene pa kalabu ija, ndipo munthu wongokwezedwa kumene sakana zoterozo. Anafunsafunsa za munthu wodziwa gofu, anthu n'kuwalozera kwa atsibweni. Iwo anati miyendo palibe, koma mwana wa mlongo wawo alipo. Tinagwirizana kuti m'mawa ndizisamala pakhomo ndi kudimba, madzulo ndizikhala kade.

Za gofu sindinkadziwa ngakhale kuti mpira wake ndi waukulu bwanji. Atsibweni anandisunga ku Chiringa masabata awiri, kundiphunzitsa m'dambo ndi ndodo imodzi yokha imene anapuma nayo ntchito, ayironi seveni yakale ya chogwirira chokulungidwa ndi mphira wa chubu cha njinga. Anandionetsa kaimidwe, mapazi motalikirana ngati mapewa, mawondo opinda pang'ono, maso pa mpira mpaka utachoka. Mayina a ndodo zina ankachita kundijambulira pansi ndi kamtengo. Koma chimene ankabwereza tsiku ndi tsiku chinali chimodzi.

"Woyamba kumene asanyamule mtolo wa nkhuni," ankatero. "Lamulo limalola ndodo khumi ndi zinayi, koma iye zisanu zamukwana. Wudu imodzi yomenyera patali, ayironi seveni ya pakati, ayironi naini ya pafupi, weji yotulutsira mpira mumchenga, ndi pata yolowetsera m'dzenje. Ukamupatsa zambiri amathera nthawi posankha, ndipo palibe imene imamuzolowera."

Ndinayamba ntchito mu Ogasiti, kutatsala masabata asanu kuti tsiku la masewera lifike. A Mbewe anali munthu wamtali, waukhondo, wosakonda kuseka. Malaya awo sankaoneka khwinya ngakhale dzuwa litapendeka. Madzulo aliwonse tinkapita pa bwalo la mpira la sukulu ina ana ataweruka, ine nditanyamula ayironi ya atsibweni ndi timipira tisanu ndi kamodzi m'jumbo. Ndinkaika mpira pa tii, kamtengo kakang'ono kozika pansi, n'kuwaimika monga anandiphunzitsira. Akakoka ndodo, chimene chinkauluka chinali dothi. Nthawi zina ankaphonya mpira wonse n'kuzungulira okha ngati chitseko. Amayi ochokera kothyola nandolo ankaima ndi madengu kumutu n'kumafunsana mokweza ngati boma layamba kulima bwalo la mpira. Bwana ankamva, koma sankacheuka.

Patatha masabata atatu palibe chinasintha, ndipo mantha anayamba kundigwira. Tsiku lina tikubwerera anandiuza osandiyang'ana kuti, "Fasitoni, Loweruka lija kukakhala akuluakulu anga. Ndikakachita manyazi, iweyo ubwerera kwanu." Sananene mokalipa. Ananena ngati akuwerenga kalata, ndipo n'chimene chinandiopsa kwambiri.

Lamulungu lotsatira mbuzi za eni ake zinalowa m'dimba la bwana. Iwo anali pakhonde, ine ndikutchetcha kuseri. Ndinaona akutola mwala n'kugenda, ndipo mbuzi imene inali kutali kumpanda inalira. Anagenda ndi dzanja la manzere. Kenako anabwera kudzandionetsa pamene ndinasiya udzu, nandilanda chikwakwa, n'kuchikoka kuchokera kumanzere. Udzu unagwa wogona bwinobwino, thupi lawo lonse likuyenda mofewa ngati la munthu wina. Ataona kuti ndikuwayang'ana anasinthira chikwakwacho kudzanja lamanja msangamsanga n'kundibwezera. Apo m'pamene ndinaona zipsera zakale pa zala za dzanja lawo la manzere.

Zimenezi sizinali zachilendo kwa ine. Kwathu mwana akayamba kugwira zinthu ndi manzere amamenyedwa pa zala mpaka asiye, chifukwa dzanja limenelo salandirira chinthu, sadyera, sapatsira moni. Kusukulu aphunzitsi ankamaliza ndi rula zimene makolo anayamba. A Mbewe ankalemba ndi lamanja, kudya ndi lamanja, kuloza ndi lamanja. Koma mphamvu yawo ndi diso lawo zinatsala kumanzere, ndipo ayironi ya atsibweni inali ya anthu amanja.

Ndinapalasa njinga mpaka ku Chiringa kukafunsa. Atsibweni anati ndodo za amanzere ziliko ndithu, nkhope ya ndodoyo, pomenyera mpira paja, imayang'ana mbali ina, ndipo mwini wake amaima tsidya lina la mpira. Pa zaka zawo zonse anaonapo osewera otero awiri kapena atatu, onse azungu. Nditafunsa kuti nditani, anangoti nkhaniyo ndi ya ine ndi bwana wanga. Ndinayesa kawiri kuiyamba ndi bwanayo. Ulendo woyamba ndinafika pa "Bwana, pali kanthu," iwo n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi, ine n'kunena za feteleza wa kudimba. Wachiwiri sindinatsegule n'komwe pakamwa. Wantchito wa mwezi umodzi angauze bwanji munthu wamkulu chinthu chimene mwini wake akuchita kubisa?

Ndodo zogula bwana anali atazipeza kale. Mzungu wina wa ku minda ya tiyi ankapuma ntchito kubwerera kwawo, ndipo anagwirizana pa lamya kuti awagulitse chikwama chake chathunthu. Sabata ya masewera bwana anaitanidwa ku msonkhano ku Blantyre, ndiye Lachinayi ananditumiza ineyo ndi kalata kuti ndikatenge. Ndinakwera matola, msewu wafumbi uja wozungulira phiri, n'kufika masana tsitsi lili lofiira.

Nyumba ya mzunguyo inali mabokosi okhaokha, poti m'mawa mwake ankanyamuka. Anandilozera chikwama chachikopa pakhonde, ndodo khumi ndi zinayi zonyezimira, mitu ya mawudu itavekedwa timasokosi. Kumbuyo kwake, pamulu wa zinthu zosiya, panali kachikwama kansalu kofumbwa. Ndinasolola ndodo imodzi mmenemo n'kupeza kuti nkhope yake ikuyang'ana mbali ina. Mzunguyo anati zinali za mwana wake amene anachoka kalekale. Ndinafunsa m'Chingerezi changa chothyokathyoka ngati ndingatenge zimenezo m'malo mwa zinazo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, nafunsa ngati bwana wanga akudziwa. Ndinati akudziwa. Limenelo linali bodza langa loyamba pa ntchito.

Zinalipo zisanu ndi zinayi. Ndinaziyala pa udzu n'kuyamba kusankha monga anandiphunzitsira. Ndinayang'ana mpini uliwonse ndi diso limodzi ngati ndi wowongoka, ndinagwedeza mutu uliwonse kumva ngati ukulira, ndinafinya zogwirira kuona ngati mphira sunaume. Wudu yaikulu ndinaisiya chifukwa imasocheretsa woyamba kumene. Ma ayironi aatali awiri ndinawasiya, ndi ina ya mpini wopindika. Zinatsala zisanu zija ndendende: wudu faifi, seveni, naini, weji ndi pata. Ndinazipukuta, n'kuziika m'kachikwama kansalu, ndipo pa matola pobwerera kanali kopepuka moti ndinkangokagwira ndi dzanja limodzi. Njira yonse ndinkadziuza kuti ndachita zanzeru.

Bwana anafika Lachisanu dzuwa likulowa, atatopa. Anafunsa ngati ndodo zabwera. Ndinati zabwera ndipo ndaziika kale kumbuyo kwa galimoto kuti tisachedwe m'mawa. Anati ndachita bwino, nalowa m'nyumba. Mpata wowaonetsa unali umenewo, ndipo ndinautaya dala chifukwa cha mantha.

Loweruka tinafika pa kalabu cha m'ma eyiti. Ndinali ndisanaonepo udzu wotero, wobiriwira pakati pa chilimwe, ndi phiri litaima pamwamba pake. Magalimoto anali ndandanda, makade ovala maovolosi akutsitsa zikwama zikuluzikulu. Bwana anatsegula kumbuyo kwa galimoto n'kuima chilili. Anafunsa kuti chikwama chili kuti. Ndinati ndi chomwecho. Anasolola seveni, naiika pansi monga ankachitira masiku onse, n'kuona kuti nkhope yake ikuyang'ana kumbuyo. Anaitembenuza kawiri. Kenako nkhope yawo inasintha, ndipo ndinadziwa kuti amvetsa zonse, za mbuzi ndi za chikwakwa zomwe.

"Wakutuma ndani?" anafunsa chapansipansi.

Ndinayamba kufotokoza kuti ndodo zisanu n'zokwanira, kuti ndinaona mmene amakokera chikwakwa. Anandidula ndi dzanja. Nthawi yomweyo kunatulukira a Somanje, mkulu wawo wa ku Blantyre, munthu wonenepa wa mawu aakulu. Anasuzumira m'galimoto n'kufunsa ngati zinazo akuba alanda panjira. Bwana anaseka nawo kuseka kwa mano okha, nati zenizeni zachedwa, abwereka za pakalabu. Anabwerekadi chikwama cha ndodo za amanja kwa mkulu wa makade. Nditafuna kutseka galimoto anati, "Ayi. Nyamula zonse ziwiri, poti ndiwe wanzeru." Ndinakoleka china phewa ili, china phewa linalo, makade anzanga akuyang'anizana.

Oyamba kumene ankasewera maenje asanu ndi anayi, anthu anayi pa gulu, ndipo gulu lathu linali ndi a Somanje. Poyambira panali anthu ambiri, ena atakhala pakhonde la kalabu ndi makapu a tiyi. Ndinazika tii, n'kuikapo mpira, n'kupereka wudu yobwereka. Bwana anakoka koyamba, mpira uli pomwepo. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu chidutswa cha udzu chinauluka n'kukagwa patsogolo, mpira n'kugubuduka mapazi ochepa. Pakhonde wina anatsokomola. A Somanje anati a Mbewe asadandaule, mvula ikagwa pamenepo adzalapo chimanga. Ine ndinathamanga kukatola chidutswa cha udzu chija n'kuchibwezera pamalo pake n'kupondapo, monga kade amachitira, ndipo ndinayamika kuti ndapeza chifukwa choweramira.

Dzenje loyamba tinalimaliza titamenya kakhumi ndi katatu. Lachiwiri mipira iwiri inalowa m'tchire ndipo ndinapezako umodzi wokha. Malaya a bwana anali atamatirira kumsana. Sankalankhula nane, ankangotambasula dzanja lamanja, ine n'kuikamo ndodo. Zingwe za zikwama zinkandidula m'mapewa, koma maganizo anga anali pa njira ya ku Nkhulambe, ndi mawu amene ndikanene pofika.

Dzenje lachitatu linali lalifupi, koma pakati pankadutsa kamtsinje. Mpira umayenera kuuluka n'kukagwa tsidya, pa girini, paudzu wosalala pamene pali mbendera. Anzawo atatu anawoloka. Bwana anamenya, mpira n'kugubudukira m'madzi. Ndinaika wina, nawonso m'madzi. Gulu la m'mbuyo mwathu linali litafika, litaima n'kumadikira. Ndinapisa m'thumba n'kupeza kuti watsala umodzi. Ndinawanong'oneza zimenezo. A Somanje anayang'ana wotchi yawo, nati ngati zavuta a Mbewe akhoza kungoyenda nawo n'kumaonerera, palibe mlandu.

Bwana anaima nthawi yaitali akuyang'ana madziwo. Kenako, osacheuka, anatambasula dzanja la manzere.

Ndinayamba ndasolola naini, n'kuibweza, n'kutenga seveni. Anailandira, nazungulira mpira n'kukaima tsidya linalo. Sanayeserere n'komwe. Anakoka kamodzi, ndipo kunamveka kaphokoso kouma kamene ndinali ndisanakamvepo m'masabata asanu onse aja. Mpira unakwera, n'kudutsa kamtsinje, n'kukagwa pa girini kumanja kwa mbendera. Ndinamva misozi ikubwera, ndipo sindichita manyazi kunena.

A Somanje anaomba m'manja. Kenako anaseka mpaka kugwira mawondo. "Kani a Mbewe ndinu amanzere! Zaka zonsezi mumatibisira?" Anatembenukira gulu la m'mbuyo n'kubwereza mokweza kuti nawonso amve.

Maenje otsalawo anasewera ndi zisanu zija. Sikuti anasanduka katswiri ayi. Anaphonyabe kangapo, ndipo mumchenga anamenya katatu asanatuluke. Koma mpira unkapita kutsogolo, ndipo posankha ndodo panalibe kuima: patali wudu, pakati seveni, pafupi naini. Mpira umodzi uja tinamaliza nawo. Pa oyamba kumene onse sanakhale womaliza, ndipo mkulu wa makade anabwera kudzandifunsa amene anasankha ndodozo. Ine mtima unali utakhala pansi. Ndinakhala pansi pa mtengo ndi makade ena n'kumadya chinangwa chootcha, ndikudziona ngati munthu amene wapulumutsa bwana wake.

Kuchokera pamtengopo khonde linkaoneka. Ndinaona wina akupatsa bwana botolo la zakumwa, n'kulibweza, n'kufunsa kuti alandira ndi dzanja liti. Anthu anaseka. Wina anabwera kudzawapatsa moni ndi dzanja la manzere mwadala. Dzina loti Amanzere linali litagwira kale, ndipo anthu amenewo ndi amene ankakhala nawo m'misonkhano. Bwana ankamwetulira, dzanja lija lili m'thumba la buluku. Ndinaona zonsezo koma ndinati ndi nthabwala za akuluakulu, zitha.

Pobwerera tinazungulira phiri. Atafika pamalo pena popanda nyumba anaimitsa galimoto pambali n'kuzimitsa injini. Anandiuza, maso ali kutsogolo, kuti ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi bambo awo anawamanga dzanja limenelo m'chiuno ndi luzi kwa mwezi wathunthu, ndipo ankapita nalo kusukulu lili chimangire, ana anzawo akuwaimba nyimbo. Anati kuyambira pamenepo palibe wa kuntchito anadziwapo, ndipo ngakhale akazi awo sanayambe aitchulapo nkhaniyo. Ndinati pepani bwana, ndimafuna kuti musachite manyazi.

"Ndodo wasankha bwino," anatero. "Koma dzanjali ndi langa. Kulitulutsa kapena kulibisa zinali za ine, ndipo iwe sunandifunse. Unandifikitsa pagulu pamene ndinalibe pothawira. Mwezi ukatha upite."

Ndinafuna kunena kuti akanapanda ndodo zangazo akanatuluka pa dzenje lachitatu, ndipo zinali zoona. Koma ndinadziwanso kuti ndinanama kwa mzungu uja, ndinabisa chikwama Lachisanu, ndipo zonsezo ndinachita poopa mphindi imodzi yolankhula nawo maso ndi maso. Anayatsa injini.

Ndinamaliza masiku otsalawo ndikuthirira dimba, ndipo ku bwalo la sukulu ankapita okha. Mwezi utatha ndinamanga kachikwama kanga pa njinga n'kupalasa kupita ku Nkhulambe. Mkazi wanga anali atatsala mwezi umodzi. Apongozi anandiona ndikutsika, anayang'ana katunduyo, ndipo ulendo uno sanavutike n'kudzera kwa nkhuku, anandiuza ineyo pamaso. Mwana wathu woyamba anabadwa ine ndikuyenda maganyu opalira m'minda ya anthu, ndipo dzinja limenelo sindikonda kulikumbukira.

Mvula itatha, mkulu wa makade uja ananditumizira uthenga kudzera kwa atsibweni kuti pali malo. Ndagwira ukade kuyambira pamenepo. A Mbewe ankabwera pa kalabu pafupifupi Loweruka lililonse mpaka anawasamutsa, ndi kachikwama kansalu komwe kaja, ndodo zisanu, osaonjezerapo. Ankasewera bwino ndithu. Tikakumana ankandiyankha moni mwaulemu, koma sananditengepo ngakhale tsiku limodzi kuti ndiwanyamulire.

Mpaka lero woyamba kumene akandifunsa zogula ndimamuuza zisanu zomwezo, ndipo sindinaonepo amene anadandaula. Chimene ndinasintha n'china. Kade amaona zambiri pa munthu, mantha ake, ukali wake, ndi zimene thupi lake likubisa, koma kuona sikukupatsa ufulu womusankhira. Ndiye munthu watsopano akabwera, ndimapita naye kumapeto kwa bwalo kumene kulibe anthu. Ndimagoneka pa udzu ma ayironi seveni awiri, ya amanja ndi ya amanzere, ndi timipira pambali, n'kumuuza kuti ndaiwala matii ku kalabu. Ndimayenda pang'onopang'ono ndipo sindicheuka. Pobwera ndimapeza wanyamula kale imene akufuna, ndipo sindifunsa chifukwa chake.